Mmene mungaphunzirire 直奔, mneni wa Chitchaina wa ulendo wosapatuka

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akuphunzira Chitchaina, kaya ndi inu nomwe amene mumakaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu, kaya ndi mwana amene akukonzekera kukachita maphunziro ku China, mneni woyamba wa ulendo amene mabuku amakupatsani ndi 去 (qù), kupita. Ndi mneni wabwino, ndipo mudzamugwiritsa ntchito tsiku lililonse. Koma mukangoyamba kulandira mauthenga a pa WeChat kuchokera kwa eni chilankhulo, kapena kuwerenga nkhani zawo, mudzayamba kuona zilembo ziwiri izi pafupipafupi: 直奔. Zimawerengedwa zhíbèn. Tiyeni tizitenge pang'onopang'ono, chifukwa pali malo angapo pamene ophunzira amapunthwa, ndipo onsewo ndi opeweka munthu akadziwiratu.

Zofunika n'zochepa. Gulani kope limodzi la masamu, lija la timabokosi, chifukwa chilembo chilichonse cha Chitchaina chimafuna bokosi lakelake. Timabokosi tikachepa, phatikizani tinayi tikhale limodzi. Masiku oyamba pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni. Pa foni ikanipo dikishonale ya Pleco, imene ndi yaulere. Bandulo imadyeka pa tsiku loitsitsa lokha, kenako imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo imakutchulirani mawu mukadina. Ndalama zina palibe. Pa nthawi pokha musadzinamize: patulani mphindi 15 tsiku lililonse kwa sabata imodzi kuti mneniyu akhazikike pakamwa, ndi sabata ina kuti muzolowere abale ake. Kuunjika zonse pa maola awiri a Loweruka sikuthandiza, pofika Lachitatu lilime limakhala litaiwala.

Yambani ndi tanthauzo, pensulo ikadali pansi. Chilembo choyamba, 直 (zhí), chimanena chinthu chowongoka. Chachiwiri, 奔 (bèn), chimanena kuloza kumalo ena n'kuuyamba wa kumeneko. Zikaphatikizana zimanena munthu amene wanyamuka n'kulunjika pamalo amodzi, osadzera kwina, osapatuka, mtima uli kale komweko. Muli zinthu zitatu m'menemo: malo opitako ndi odziwika, pakati palibe poima, ndipo chilipo chimene chikumukoka munthuyo, kaya ndi mantha, njala, chikondi kapena phindu.

Taonani izi. Bambo ali kuntchito, kapu ya tiyi ili patebulo, foni yalira kuti mwana wawo wagonekedwa m'chipatala. Wolemba nkhani wa ku China adzalemba kuti 他放下电话，直奔医院 (tā fàngxià diànhuà, zhíbèn yīyuàn), anaika foni pansi n'kulunjika kuchipatala. Akanalemba 去医院 (qù yīyuàn) tikanangodziwa kuti anapita basi. Mwina anayamba amaliza tiyi, n'kudzera kunyumba kukasintha malaya, n'kuima panjira kugula nthochi zokaonera wodwala. Mawu akuti 直奔 akutiuza kuti zonsezo sizinachitike, tiyi uja anazizirira patebulo pomwepo.

Cholakwika choyamba chimene ambiri amachita n'kuganiza kuti mneniyu amanena za kuthamanga kwa miyendo. Ayi. Munthu akhoza kukhala phee kumpando wakumbuyo kwa takisi n'kukhala kuti akuchita 直奔: 打车直奔机场 (dǎchē zhíbèn jīchǎng), kukwera takisi n'kulunjika kubwalo la ndege. Agogo oyenda ndi ndodo akalowa m'sitolo yaikulu, osayang'ana sopo, osayang'ana mpunga, n'kulunjika pamene pali mazira otsika mtengo, nawonso achita 直奔. Chimene mneniyu akuyeza ndi kulunjika kwa mtima ndi kusaima panjira. Chachiwiri choti mudziwiretu n'chakuti sanena kuti munthu wafika. Kufika ndi 到 (dào). Mnzanu wa malonda akakulemberani kuti 我直奔仓库 (wǒ zhíbèn cāngkù), akunena kuti walunjika kumalo kosungira katundu, osati ali kale kumeneko. Musamuyankhe kuti akujambulireni makatoni nthawi yomweyo. Dikirani uthenga wakuti 到了 (dào le), ndafika.

Tsopano katchulidwe, ndipo apa ndi pofunika kufatsa kwambiri, chifukwa chilembo cha 奔 chili ndi katchulidwe kawiri. Koyamba ndi bēn, mawu apamwamba ndi osalala, osatsika mpaka kumapeto. Kachiwiri ndi bèn, mawu oyambira pamwamba n'kugwa msanga, ngati mmene mumakalipira galu amene walowa kukhitchini kuti "Choka!" Ife olankhula Chichewa izi si zachilendo kwenikweni. Timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongokweza ndi kutsitsa mawu, ngakhale polemba timalemba chimodzimodzi. Khutu limenelo muli nalo kale, chofunika n'kulizoloweza ntchito yatsopano. Mu 直奔 ndi bèn, wogwa uja, nthawi zonse. Phatikizo loyamba, zhí, limakwera ngati mukufunsa funso. Choncho mawu onse pamodzi amakwera kenako n'kugwa. Kwezani dzanja potchula zhí, mulitsitse mwamphamvu potchula bèn. Chitani zimenezi ngakhale ana akuyang'aneni, dzanja limathandiza mmero kukumbukira.

Malembo a pinyin, kalembedwe kamene dziko la China linavomereza mu 1958 kolembera Chitchaina ndi malembo athuwa, amanyenga munthu wozolowera Chichewa kapena Chingerezi. Lembo la b mu pinyin si b wa mu "bambo". Ndi p wopanda mpweya, yemwe uja wa mu "pita". Lembo la p mu pinyin ndiye ph wathu wa mu "phiri". Apa tili ndi mwayi woposa anthu ambiri ophunzira Chitchaina, popeza kusiyanitsa p ndi ph tinayamba tili ana. Kuti mutsimikize, gwirani kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo. Potchula bèn kapepalako kasagwedezeke. Kakagwedezeka ndiye kuti mwatulutsa mpweya, ndipo mwasendera ku 喷 (pēn), kupopera madzi. Lembo la zh liyambeni ngati ch wa mu "chala", osati tch wa mu "tchire", koma nsonga ya lilime muipindire m'mwamba, kumbuyo pang'ono kwa nkhama. Lembo la i lotsatira zh silimveka ngati i wathu. Lilime lisiyeni pomwe lili, mawu angopitirira kulira pamenepo. Lembo la e mu bèn nalonso si e wa mu "pepa". Pakamwa pakhale pomasuka, milomo isatambasuke, mawu atuluke pakati pa a ndi e.

Chovuta chachikulu kwa ife chili kumapeto. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndiye pakamwa pathu pamafuna kuwonjezera i kuti pamveke "beni". Mukatero mwapanga maphatikizo awiri pamene pali limodzi, ndipo womvera amasokonezeka. Lilime likagunda kuseri kwa mano a m'mwamba pa n, imani pomwepo, tsekani mawu, kenako mutsegule pakamwa. Musalikokerenso kumbuyo ngati ng' wa mu "ng'ombe", chifukwa bèng ndi chilembo china, 蹦, kudumpha. Dzijambuleni mawu pa foni, mumvere Pleco, mudzimverenso nokha. Masiku awiri oyamba athereni pa zimenezi zokha.

Palinso chenjezo limodzi lokhudza ulemu. Chilembo cha 笨, chimene chimatanthauza munthu wogona m'mutu, chimatchulidwa bèn chimodzimodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Chimene chimasiyanitsa ndi mawu otsatira. Mukanena 你 (nǐ), iwe, n'kutchula bèn, kenako n'kuima kuti mukumbukire dzina la malo, mnzanuyo wamva kale kuti mwamutukwana. Choncho konzekeranitu dzina la malo musanatsegule pakamwa, ndipo masiku oyamba musamutchule bèn payekha, azikhala zhíbèn nthawi zonse. Polemba pa foni n'chimodzimodzi. Mukalemba ben yekha, foni imakuonetsani zilembo zingapo monga 本, 笨 ndi 奔, ndipo chala chofulumira chimasankha cholakwika. Lembani zhiben yense pamodzi, muyang'ane bwino chimene chatuluka musanatumize.

Nanga mukakumana ndi 奔 m'mawu ena, mudziwa bwanji kuti ndi bēn kapena bèn? Dzifunseni kuti mawuwo akufotokoza liwiro kapena akuloza kopita. Akamafotokoza liwiro lenilenilo, ndi bēn: 奔跑 (bēnpǎo), kuthamanga, 飞奔 (fēibēn), kuthamanga ngati ukuuluka, 奔波 (bēnbō), kuyendayenda uku ndi uku pofunafuna chakudya cha ana. Galimoto za Mercedes-Benz ku China zimatchedwa 奔驰 (bēnchí), mawu amene amanena kuthamanga kwa hatchi kapena galimoto, ndipo dzinali likhoza kukuthandizani kukumbukira kuti bēn ndi wa liwiro. Akamaloza malo, munthu kapena cholinga chimene wina akulunjikako, ndi bèn. Lamuloli limagwira nthawi zambiri, koma pali mawu atatu amene muyenera kungowaloweza chifukwa amaoneka ngati akuliswa. 奔向 (bēnxiàng), kuthamangira kwinakwake, ndi 奔赴 (bēnfù), kufulumirira kumalo a ntchito kapena a ngozi, onse ndi bēn, popeza ntchito yoloza ili pa chilembo chachiwiricho ndipo 奔 wangotsala ndi liwiro. Achitatu ndi 奔丧 (bēnsāng), kuthamangira kumudzi pamene kholo kapena wamkulu wa pabanja wamwalira. Mawu amenewa asungeni bwino. Mnzanu akakuuzani kuti 回家奔丧 (huí jiā bēnsāng), musamufunse za oda yanu tsiku limenelo. Mupepeseni, malonda adikire.

Tsiku lachitatu tengani kope. Zilembo zonse ziwiri zili ndi mizere 8. Pa 奔 yambani ndi 大 pamwamba: mzere wopingasa, wotsetsereka kumanzere, wotsetsereka kumanja, ndipo miyendo iwiriyo itambasuke kuti iphimbe zam'munsi. Pansi pake ikani kamtanda kakang'ono, 十, wopingasa kenako woimirira. Malizani ndi 廾: mzere wopingasa wautali, wotsetsereka kumanzere, ndi woimirira kumanja. Chilembochi chili ndi mbiri yothandiza kuchikumbukira. Pa ziwiya zamkuwa za nthawi ya mafumu a Zhou, chinkajambulidwa ngati munthu akuponya manja, pansi pake pali mapazi atatu. Chilembo cha 走, chimene kale chinkatanthauza kuthamanga ndipo lero chimatanthauza kuyenda, chinali ndi munthu yemweyo koma phazi limodzi lokha. Mapazi atatu ankasonyeza liwiro loposa. M'kupita kwa nthawi mapazi aja anasandulika n'kukhala 卉 amene tikulemba lero pansi pa 大. Pa 直 cholakwika chofala n'chimodzi: mkati mwa bokosi muli timizere titatu, osati tiwiri. Werengani nthawi iliyonse mpaka dzanja lizolowere. Mizere iwiri ya kope pa chilembo chilichonse ndi yokwanira pa tsiku. Mukadzaza tsamba lonse, dzanja limatopa n'kuyamba kuloweza zolakwika.

Kumanga chiganizo n'kosavuta kuposa katchulidwe. Ikani munthu, kenako 直奔, kenako malo: 我们直奔火车站 (wǒmen zhíbèn huǒchēzhàn), tikulunjika kusiteshoni ya sitima. Pakati pa mneni ndi malo musaikepo kanthu. Mutu wozolowera Chichewa umafunafuna "ku" wa mu "kumsika", ndipo ambiri amatola 在 (zài) n'kumuika pamenepo. N'kulakwa, chifukwa 在 amanena pamene chinthu chili, osati kumene chikupita. "Ku" ali kale mkati mwa 奔. Mneni wa Chitchaina sasinthanso ndi nthawi monga amachitira wathu. Dzulo, lero ndi mawa 直奔 amakhala yemweyo, mumangoika mawu a nthawi patsogolo pake: 明天我们直奔义乌 (míngtiān wǒmen zhíbèn Yìwū), mawa tilunjika ku Yiwu.

Komabe chiganizo chotere chili ngati chosamaliza m'khutu la mwini chilankhulo. Mneniyu amakonda kutsogoleredwa ndi chochitika china chimene chathapo, kuti kusaima panjira kuja kuonekere. Ndiye gawo lotsatira n'kuika chochitikacho patsogolo: 下了飞机直奔市场 (xià le fēijī zhíbèn shìchǎng), kutsika ndege n'kulunjika kumsika, 下了班直奔幼儿园 (xià le bān zhíbèn yòu'éryuán), kuweruka kuntchito n'kulunjika kusukulu ya mkaka kukatenga mwana. Mukazolowera apa, phunzirani chimango chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse m'nkhani ino: 一 (yī) patsogolo pa chochitika choyamba, 就 (jiù) patsogolo pa 直奔. Chimafanana ndi "akango-" wathu. 学生一下课就直奔食堂 (xuésheng yí xiàkè jiù zhíbèn shítáng), ophunzira akangotuluka m'kalasi amalunjika kodyera. 她一进超市就直奔卖鸡蛋的地方 (tā yí jìn chāoshì jiù zhíbèn mài jīdàn de dìfang), atangolowa m'sitolo analunjika pogulitsira mazira. Onani kuti 一 wasintha kukhala yí wokwera, chifukwa phatikizo lotsatira ndi logwa. Patsogolo pa maphatikizo ena amakhala yì wogwa, monga mu 一出门 (yì chūmén), kungotuluka pakhomo. Wophunzira amene wagwira chimango ichi wagwira theka la ntchito yonse, pakuti ndi mmene mneniyu amamvekera kawirikawiri pakamwa pa anthu. Pangani ziganizo zanuzanu zisanu za m'nyumba mwanu momwemo: mwana akangochokera kusukulu amalunjika kuti, abambo akangolandira malipiro amalunjika kuti, nkhuku zikangotsegulidwa m'mawa zimalunjika kuti.

Kumapeto kwa chiganizo mukhoza kuwonjezera 去了 (qù le) ngati munthuyo wachoka pamene inu muli: 他直奔车站去了 (tā zhíbèn chēzhàn qù le), walunjika kusiteshoni, kuno kulibe. Ngati akubwera kumene kuli inu, ikani 来了 (lái le). M'mabuku ndi m'nyuzipepala mudzaona 直奔 kenako malo kenako 而去 (ér qù). Tanthauzo ndi lomwelo, koma ndi kalembedwe ka m'mabuku. Kadziweni powerenga, polankhula kasiyeni.

Munthu akaphunzira mawu atsopano amafuna kuwaika paliponse, ndiye mveraninso malo amene 直奔 sakuyenera. Polozera munthu njira kuti apite chowongoka osakhota, mawu ake ndi 一直走 (yìzhí zǒu) kapena 往前走 (wǎng qián zǒu). Apa ambiri amasokonezeka chifukwa cha 直 amene ali m'mawu onsewa. Koma 一直走 amanena kuwongoka kwa msewu, pamene 直奔 amanena kusapatuka kwa woyenda, ndipo munthu akhoza kuchita 直奔 pa msewu wokhotakhota. Mukakwera takisi ku Guangzhou kupita kubwalo la ndege la Baiyun, nenani kuti 师傅，去白云机场 (shīfu, qù Báiyún jīchǎng). Mawu akuti 师傅 ndiwo aulemu oitanira dalaivala kapena mmisiri. Ngati mukufuna kutsindika kuti asadzere kwina, nenani 直接去 (zhíjiē qù). 直接 ameneyu ndi muonjezi, amayenda ndi mneni aliyense: 直接说, kunena mosapita m'mbali, 直接付款, kulipira mwachindunji popanda mkhalapakati. 直奔 ndi mneni wokwanira payekha, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusimba zimene zachitika kapena kupangana ndi anzako za ulendo: 咱们直奔机场吧 (zánmen zhíbèn jīchǎng ba), tiyeni tingolunjika kubwalo la ndege.

Pa zikwangwani ndi pa matikiti simudzamupeza. Pamenepo pamalembedwa 开往 (kāiwǎng), sitima kapena basi yopita kwakuti. 直达 (zhídá), yosasinthitsa panjira. 直飞 (zhífēi), ndege yosatera kwina. M'kalata ya ku ofesi kapena pa fomu, mawu oyenera ndi 前往 (qiánwǎng). Ulendo wa masiku onse wopanda chokoka mtima, monga kupita kuntchito m'mawa uliwonse, umangofuna 去. Ndipo musaphatikize 直奔 ndi 慢慢 (mànmàn), pang'onopang'ono, chifukwa awiriwa amatsutsana.

Sabata yachiwiri ndi ya abale ake, ndipo apa ndi pamene mneniyu amakoma, chifukwa amachoka pamsewu n'kulowa m'moyo wa anthu. Woyamba kumudziwa ndi 直奔主题 (zhíbèn zhǔtí), kulunjika pamutu wa nkhani popanda kuzungulira. Pa zokambirana za malonda mudzamva wina akuti 咱们直奔主题吧, tiyeni tingopita pamutu wa nkhani. Malangizo anga ndi akuti mawu amenewa muwasiyire mwini malo kapena wamkulu kuti ayambe ndiye. Kwa munthu amene mwakumana naye koyamba, amene wakukhazikani pansi n'kukuthirirani tiyi m'timakapu tating'ono, landirani tiyiyo, muyankhe mafunso a ulendo ndi a kwanu, nkhani ya mitengo ibwera yokha. Kwa wogulitsa amene mwazolowerana naye, kapena pamsika pamene aliyense ali pa changu, mukhoza kuwanena nokha osachita mantha.

Wachiwiri ndi 奔着 (bènzhe), amene amatsatiridwa ndi cholinga kenako 来 kapena 去. 我是奔着质量来的 (wǒ shì bènzhe zhìliàng lái de), chimene ndadzera kuno ndi katundu wolimba. Chiganizo chimenechi chilowezeni ngati mumaoda katundu, chifukwa chimauza wogulitsa mwaulemu kuti asakuonetseni zotsika mtengo zosachedwa kuwonongeka. Za anyamata ndi atsikana amene chibwenzi chawo n'chofuna banja, amati 奔着结婚去的 (bènzhe jiéhūn qù de).

Zaka za munthu nazonso zimalunjika. Wa zaka 28 kapena 29 amati 奔三了 (bèn sān le), akulowera ku 30, ndipo wa zaka 38 kapena 39 amati 奔四了 (bèn sì le). Wachikulire akhoza kunena kuti 奔六十的人了 (bèn liùshí de rén le), ndine munthu wolowera ku 60 tsopano. Mawuwa dzinenereni nokha kapena kwa mnzanu wa pamtima. Kwa mlendo, makamaka mayi, asiyeni.

Palinso 投奔 (tóubèn), kupita kukadalira munthu wina zinthu zikavuta, monga mnyamata wochoka kumudzi kukakhala kwa amalume ake m'tauni: 投奔舅舅 (tóubèn jiùjiu). Ophunzira akamaliza sukulu n'kubalalika, wina uku wina uko, amati 各奔东西 (gè bèn dōng xī), aliyense walunjika kwake, wina kuvuma wina kuzambwe. Koma mawu amene ine ndimawakonda kwambiri pa banja lonseli ndi 奔头 (bèntou), chinthu chimene munthu akuchiona kutsogolo n'kumalimbikira chifukwa cha icho. Mlimi amene mbewu zake zapeza msika, kapena kholo limene mwana wake wasankhidwa kupita kuyunivesite, amati 日子有奔头 (rìzi yǒu bèntou), masiku ano ali ndi kolowera. Wotaya mtima amati 没奔头 (méi bèntou). Mnzanu akanena mawu achiwiriwa, si nkhani ya ulendo, khalani naye pansi mumumvere. Mneni yemweyu ali m'mawu amene analembedwa pa makoma ambiri a m'midzi ya ku China, 奔小康 (bèn xiǎokāng), kulunjika ku moyo wokwanira bwino, wosasowa chakudya, chovala ndi pogona ngakhale si wachuma chambiri. Deng Xiaoping anagwiritsa ntchito mawu akuti 小康 mu December 1979 pocheza ndi nduna yaikulu ya Japan, Masayoshi Ohira, pofotokoza kumene dziko lake linkafuna kufika, ndipo pa 1 July 2021 Xi Jinping analengeza kuti cholingacho chakwaniritsidwa. Mukamva achikulire akutchula mawuwa, dziwani kuti akunena za zaka zonsezo.

Dziwaninso kuti bèn woima payekha, wopanda 直 patsogolo, amamveka kwambiri pakamwa pa anthu a kumpoto, monga ku Beijing, kumene munthu akhoza kufunsa kuti 你奔哪儿 (nǐ bèn nǎr), walunjika kuti. Ku Guangzhou chilankhulo cha eni dera ndi Cantonese, ngakhale m'misika anthu amalankhulanso Putonghua, Chitchaina cha dziko lonse chimene mukuphunzirachi. Kumeneko gwiritsani 直奔 wathunthu, amene aliyense wodziwa kuwerenga amamumva.

Pofuna poyeserera kuwerenga, nyengo yabwino ndi ya Chaka Chatsopano cha ku China, chimene chimagwa chakumapeto kwa January kapena mu February. Pa nthawiyi antchito a m'mafakitale ndi m'maofesi amabwerera kumidzi kwawo, ndipo nkhani ndi mauthenga zimadzaza ndi anthu oweruka n'kulunjika kusiteshoni, zikwama zili kale m'manja. Lembani 直奔 pamalo ofufuzira a pa foni, mukopere m'kope ziganizo zitatu pa tsiku. Pa chilichonse lembani mzere kunsi kwa malo opitako, ndipo muzungulize chochitika chimene chatsogola. Simufunika kumva chiganizo chonse. Mukapeza ziwirizo, ntchito ya tsikulo yatheka.

Pa tsiku lomaliza la sabata yachiwiri dziyeseni. Lembani mawu awa popanda pinyin, muwatchule mokweza: 奔跑, 直奔, 奔向, 投奔, 奔丧, 奔头. Oyamba, achitatu ndi achisanu ndi bēn wosalala, otsalawo ndi bèn wogwa. Amene mwalakwa muwabwereze masiku awiri otsatira. Kenako tumizani uthenga wa mawu kwa munthu wolankhula Chitchaina, kaya ndi mphunzitsi, mnzanu wa kuntchito kapena wogulitsa amene mumaoda kwa iye, mumuuze chiganizo chimodzi cha 一 ndi 就 chonena za inu, ndipo mumupemphe akulembereni zimene wamva. Akalemba 直奔, mwakhoza. Akafunsa kuti mwati chiyani, musabwereze bèn yekha mokweza, chifukwa mudzangomveka ngati mukumutukwana. Bwerezani chiganizo chonse kuyambira pachiyambi, modekha, dzina la malo likubwera msanga pambuyo pa mneni. Akalepherabe kumva, vuto nthawi zambiri limakhala i wowonjezera uja kumapeto kapena zhí amene sanakwere mokwanira, ndiye bwererani ku kapepala ndi dzanja kwa masiku ena awiri musanatumize uthenga wina.